Chidindo cha a Alberto

Ku Nyampande aliyense amawadziwa a Alberto, mlimi wa tomato amene anabwela ali kamwana pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, n'kuiwala njila yobwelela. Chomwe anabwela nacho ndi kanjele kolimba pansagwada, kukula ngati nshawa. Atate awo anali nako, mkulu wawonso, ndipo onse awili anafa imvi zisanamele, akutaya magazi kuchimbudzi. Imfazo a Alberto anazikankhila kwa afiti, koma kanjeleko ankanyadila kuti ndi chidindo cha banja.

Mwana wawo akasinkhuka, a Alberto ankamupapasa nsagwada monga wosankha tomato pamsika. Febby anali nako, ndi mano awili oonjezela, motelo anali wapamtima. Vitalis yake inali see ngati botolo, ndipo amake, a Agnesi, anafunsidwa ndi amuna awo zaka zambili kuti mwanayu anamutola kuti.

Dzino la Febby litavuta, atate ake anamupelekeza kwa mayi wina, dokotala wa mano ku Petauke. Dokotala ali mkati moyang'ana chithunzi cha nsagwada, a Alberto anatukula chibwano kuti aone kumene mtsikanayo anatengela. Mayiyo anapapasa, osaseka. Atamva kuti atate awo ndi mkulu wawo analinso nako, anafunsa mmene anafela. Kenako anati tinjele totele nthawi zina timayenda pamodzi ndi tinthu tomela m'matumbo, totengela kumtundu, timene tikasiyidwa timasanduka khansa. Onse akapimidwe ku Lusaka, Vitalis yemwe.

"Ndiye kuti mwanayu ndinamudinda ndine?" anafunsa a Alberto.

"Simunasankhe, bambo. Koma mwabwela naye nthawi ikalipo."

M'basi yopita ku Lusaka, kupitilila Nyimba, a Alberto anayamba kudzipapasa nsagwada. Akuti m'maganizo ankawaona atate awo atakhala kuseli kwa nyumba, thalauza likugwa m'chiuno.

Vitalis anamupeza alibe kanthu. Febby anamupeza nato tisanaipe. A Alberto anasiya matumbo ena komweko pa opaleshoni, ndipo lelo amadya ngati mwana wa mpheta. A Agnesi sanawabwezelebe mawu aja. Amangowaikila phala, n'kuwayang'ana.

Febby tsopano ali ndi kamtsikana. Kakakwela pamwendo pa ambuye ake, dzanja la a Alberto limanyamuka lokha kulowela kunsagwada ya kamwanako. Limaima m'malele, kenako amalibweza m'thumba.