Makina Ouzira Masamba a Amalume Jafali

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga, Che Jafali, anabwerera ku Lungwena kuchokera ku Joni. Anzawo ankabwera ndi malata kapena injini ya boti. Iwo anatsika matola atakumbatira chinthu chofiira chokhala ndi chimpope chachitali, n'kutiuza kuti ndi makina ouzira masamba, mphatso yochokera kwa bwana amene ankamusamalira maluwa.

"Kuuzira masamba kuti apite kuti?" anafunsa amayi, tsache lili m'manja.

"Uko," anayankha amalume, akuloza kwa aneba.

Vuto linali lakuti makinawo sankalira. Amalume ankakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu, makinawo n'kungotsokomola kamodzi ngati nkhalamba ya fodya, basi zii. Mudzi wonse unasanduka amakaniko. Asodzi anati petulo wathu ndi wopepuka, makinawo anazolowera wa ku Joni. Mayi wina anati awayanike padzuwa ngati mabatire a wailesi. Mkulu wina anati mwina samva Chiyao, ndipo ine ndinawapezadi amalume kuseri kwa bafa akuwanyengerera m'Chizulu.

Kenaka anayamba kuwamasula. Anachotsa pulagi, n'kuitsuka ndi mswachi wa abambo. Anasakaniza petulo ndi oyilo m'botolo, n'kumakhutchumula ngati mankhwala a chifuwa, ndipo nyumba yonse, mpaka mikeka yogonapo, inanunkha petulo. Siponji yosefa mpweya anaichapa ndi sopo, n'kuiyanika pampanda. Mbuzi inadya. Amalume sanadandaule, anangodula kachidutswa pamatiresi a amayi, pakona pomwe ankati sipagona munthu. Amayi anakhala masiku osawayankhula.

Kulimbikira konseku kunali ndi chifukwa. Amalume ankafunsira mtsikana wa ku Namwera, dzina lake Amina, ndipo bambo ake, Che Saidi, anali atanena kuti abwera okha adzaone ngati munthu wotha zaka ku Joni ali ndi kanthu kooneka. Kanthu ka amalume kanali komweko, ndipo kanali kosalankhula.

Tsiku la alendo linafika makina akadali duu. Amayi anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango. Chapafupi panali ufa woyanika pamphasa, ndipo pathandala panali usipa wa abambo, wouma bwino, wongodikira ogula. Che Saidi anafika atavala mkanjo woyera ndi kofiya yopeta bwino, anapereka salamu, nakhala pansi mwaulemu. Amalume anali pambali, akusuzumira m'kabowo kotulukira utsi. Anatola waya wa njinga n'kutokosa. Munatuluka dothi louma ndi timbozi: mavu anali atamangamo nyumba. Anakoka chingwe mongoyesa.

Phokoso limene linatuluka sindidzaliiwala. Nkhuku zinauluka ngati akhungubwi, mwana wa aneba anagwa pampando. Chimpope chija chinali chitaloza kumphasa, ndipo ufa wonse unanyamuka n'kukatera pa alendo. Amalume anatembenuka mwamantha, mphepo n'kukapeza thandala. Usipa unagwa ngati mvula, padenga, m'ndowa, m'makapu a tiyi. Amphaka amene sitinkawadziwa n'komwe anatulukira mbali zonse. Amalume anatembenukanso, kofiya ya Che Saidi n'kukwera mumtengo wa mango.

"Zimitsani, achimwene!" anakuwa amayi.

"Batani lake linatsala ku Joni!"

Poona kuti kulikonse kumene aloza kukuwonongeka chinthu, amalume analoza chimpopecho kumwamba. Anaima choncho pakati pa bwalo, masamba a mango akuwagwera pamutu, kudikira kuti petulo athe. Tsoka ilo anali atadzaza thanki. Ife ana tinkatola usipa m'madiresi, tikuseka mpaka misozi, abambo atangogwira kukamwa. Azana ya masana inalira kumzikiti, koma palibe anaimva. Anthu anangoona dzuwa kuti adziwe nthawi yopemphera.

Makina atazima, makutu athu anapitiriza kulira okha. Che Saidi anali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nsidze ndi ndevu zomwe, kausipa kamodzi katakodwa pakhutu. Tonse tinadziwa kuti ukwati wathera pomwepo. Iwo anadzipukuta m'maso pang'onopang'ono, anayang'ana mphasa yopanda ndi kaufa komwe, n'kufunsa:

"Kodi chimenechi chingapete chimanga?"

Chaka chomwecho amalume anakwatira n'kupita kuchikamwini ku Namwera. Kumeneko anakhala munthu wotchuka nthawi yokolola: azimayi ankathira chimanga kuchokera m'lichero, iwo n'kumauzira mankhusu ali patali ndithu, pakuti poyamba anayandikira kwambiri ndipo chimangacho, malinga n'kunena kwawo, chinakagwera ku Mozambique.

Masiku ano ndikadutsa m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndimaona anyamata atabereka makina otere kumsana, akuthamangitsa masamba mumchenga. Akakana kulira, mnyamata amatulutsa foni, n'kuonera kanema wa kakonzedwe kake ali yekhayekha, ndipo posakhalitsa alira. Palibe wopereka maganizo, palibe mwana wothamangira kukaona. Zinthu zikukonzeka msanga, n'zoona. Koma kale chinthu chikawonongeka chinkakhala cha mudzi wonse, ndipo tinkachidwazika limodzi ngati m'bale.