Pensulo Yosomekedwa Kudenga

Pensulo ija inali yofiira, ya labala kumchira, ndipo inkanunkhira ngati thabwa longopala kumene. Anandigulira ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito ku Limbe. Ndinali ndisanakwanitse zaka zisanu. Ndinkagona nayo, ndinkadya nayo, ngakhale kumjigo ndinkapita itasomekedwa m'tsitsi.

Chaka chimenecho ndinali nditangoyamba sukulu ya mkaka kwathu ku Mkhumba. Kanali kachisakasa ka udzu kuseri kwa tchalitchi, aphunzitsi ake mayi wa m'mudzi momwemo. Amalume atabwera kudzaona, anatipeza tikuumba ng'ombe zadothi, matope mpaka m'makutu. Nkhope yawo inagwa. Anati ana a ku Limbe a msinkhu wanga amalemba kale mayina awo. "Ndibweranso nandolo akauma," anawauza amayi. "Ndikadzapeza mwanayu asakulemba, ndidzamutenga akaphunzire kwanga." Kwathu mawu a malume sabwezedwa, ndipo amayi analibe mwana wina koma ine.

Zotengedwazo zinandidutsa kukhutu. Ine ndinangomvapo zolemba. M'mawa mwake ndinathamangira kusukulu, ndinafumbata pensulo ngati mpini wa khasu, n'kuikanikiza pakope mpaka pepala kubooka. Ndinalira mokuwa. Aphunzitsi anandifumbatula chala chimodzichimodzi, n'kusomeka pensulo yanga mu udzu wakudenga. "Zala zako zikadali zanthete," anatero. "Ikudikira pamenepo, siithawa."

Amayi anapita kukawachonderera kuti andiphunzitse zilembo msanga, koma anakana. Lero poti nanenso ndine kholo, ndimati analimba mtima mopitirira, pakuti mwana wofuna kutengedwayo sanali wawo. Komabe sanalakwe.

Ndiye inayamba nyengo yokoma kuposa zonse zimene ndikukumbuka. Tinkasenda nandolo wamuwisi mpaka zala kumata, fungo lake osachoka ngakhale usambe kawiri. Tinkatunga zitsekerero za mabotolo paluzi n'kumavala m'khosi, kumayenda zikulira ngati ndife akwatibwi. Tinkapikisana kutola njere za mpendadzuwa ndi zala ziwiri zokha, ndipo ine mpikisano umenewo sindinkafuna kuluza. Pamchenga tinkajambula ndi chala njoka, mazira, ndi phiri la Mulanje lomwe linkatisuzumira tsiku lililonse. Ndinkadzuka tambala asanatsike, kuwavutitsa amayi kuti andisambitse msanga. Ndikafika ndinkayamba ndayang'ana kudenga, kuonetsetsa kuti kamchira kofiira kaja kalipo.

Nandolo anauma, makoko ake n'kuyamba kuthetheka padzuwa, ndipo amalume anatsika pa kabaza atavala malaya oyera, n'kutipeza kusukulu. Aphunzitsi sanakangane nawo. Anangoti, "Bambo, batani la pamkono lamasuka. Mwana iwe, athandize amalume ako." Ndinakagwira kabataniko, n'kukalowetsa pabowo kamodzi kokha. Amalume anandiyang'anitsitsa. Ulendo wapitawo anali iwo amene anandimanga mabatani a diresi, ine zitandikanika.

Pamenepo aphunzitsi ananyanyamphira n'kuzula pensulo ija. Anandipatsa pamodzi ndi kope. Inali yafumbi, koma inakhala bwinobwino pakati pa zala zitatu, osati m'nkhonya. Ndinazunguliza pang'onopang'ono, lilime lili panja, mpaka mzere unakakumana pomwe unayambira. Pepala silinabooke.

"Dzira!" ndinakuwa, ndikudumphadumpha.

"Nanga dzina lili kuti?" anafunsa amalume.

"Likubwera, bambo," anayankha aphunzitsi. "Mukamukakamiza lero, adzadana ndi pensulo moyo wake wonse."

Amalume analiyang'ana dzira langa nthawi yaitali, kenaka anayang'ana batani lija. Anang'amba pepalalo bwinobwino, kulipinda, n'kuliika m'thumba la malaya. "Atsale," anatero. "Tidzaonanso chaka chamawa."

Ndinatuluka ndi liwiro kuti ndikauze dziko lonse. Kuseri kwa chisakasa ndinapeza amayi atakhala pansi, atakumbatira kampukutu ka chitenje, misozi ili chuchuchu. M'kampukutumo munali zovala zanga zonse, koma ine sindinafunse kuti zikupita kuti. Ndinaganiza kuti akulira chifukwa dzira lija latengedwa ndi amalume.

"Musalire, amayi," ndinawatonthoza, pensulo ili m'manja. "Ndikujambulirani lanu, lalikulu kuposa lija."