Mankhwala a Mawondo a Apongozi Anga

Motoka yanga ndinaigula motchipa ku Lusaka. Inali itayenda kwambiri moti wogulitsayo anaphimba makilomita ndi chala chachikulu, ine n'kuyang'ana kumbali mwadala. Sitata yolizira injini inafa ndisanafike n'komwe kwathu ku Feira. Kuyambira pamenepo ndimaimika potsetsereka kuti izilira popanda woikankha, anthu n'kumawauza kuti ndimakonda kuona mtsinje.

Tsiku lina ndinaperekeza apongozi anga aamuna kuchipatala ku Katondwe, mawondo akuwavuta. Pobwerera, motoka inazima pakati pa thengo, popanda ngakhale kamtunda, ndowe za njovu zili mumsewu zosauma. Iwo sadziwa kuyendetsa. Nanga mkamwini angatsegule bwanji pakamwa kuuza apongozi kuti tsikani mukankhe?

“Atate,” ndinatero maso ali pachiwongolero, “adokotala anandinong'oneza kuti mawondo anuwa akufuna muzikankha chinthu cholemera.”

“Nanga ineyo osandiuza bwanji?”

“Anakuchitirani ulemu.”

Anatsika, anavula jekete n'kuipinda bwinobwino, n'kuyamba kukankha. Ndinkawaona pagalasi, munthu wa imvi, akubuula. Motoka italira ndinawafunsanso, ine wopanda manyazi, ngati akumvako kusintha. Anati pang'ono.

Tsopano m'mawa uliwonse amafika pakhomo panga atavula kale jekete. Potsetsereka anandiletsa, akuti ndikuwachepetsera mankhwala. Mkazi wanga amandiyamikira kuti ndimasamala atate ake.

Sitata yatsopano ndinagula mwezi watha, ili pansi pa bedi. Dzulo ndinatsimikiza mtima kuti ndiulule. Nditatsegula chitseko ndinapeza abwera ndi anzawo awiri a mawondo.