Ufa wa Agogo Aakazi pa Chiloda

Fungo la oyilo wosakanikirana ndi fumbi la mchenga likandipeza, ngakhale ndili pa mzere wa takisi, ndimaona mapazi a agogo aamuna, a Phiri, atatulukira kunsi kwa chimakina chachikasu, iwo akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinakulira m'manja mwawo ku Randburg, ku Joni, m'kanyumba ka malata kuseri kwa yadi yogulitsira mchenga, pamene mayi anga ankagonera kuntchito. Agogo ankayendetsa ndi kukonza chiloda, chimakina chopakira mchenga m'malole, choyenda ndi matcheni m'malo mwa matayala. Chinali chokalamba zedi, chikalira mbale za agogo aakazi zinkanjenjemera pa shelefu.

Chaka chimene ndinali giredi folo, chilodacho chinayamba kutaya oyilo kumbuyo, pa chigudumu cha mano chokoka tcheni. Akathira m'mawa, pofika masana pansi pali chithaphwi. Mwini yadi anabweretsa makaniko wa ovolosi yoyera, amene anasuzumira kamodzi kokha n'kugamula kuti chitsulo chang'ambika mkati, basi chipite ku sikirapu. Bwanayo anapatsa agogo mpaka Lachisanu. Tonse tinkadziwa kuti chiloda chikapita ntchito yatha, ndipo kanyumba kathu kankayendera limodzi ndi ntchitoyo. Ine ndinachita mantha, sindinama.

Koma agogo, ee, mtima uli m'malo ngati palibe kanthu! Tsiku loyamba lonse anangotsuka chimakinacho ndi palafini ndi bulashi, n'kuyala makatoni pansi pake. M'mawa mwake anapaka chala pa dontho la pakatoni, n'kundinunkhitsa.

"Ukumva chiyani, mkazi wanga?" Ankanditcha choncho pondiseka, monga achitira agogo ndi adzukulu.

"Mazira owola."

"Eya. Ameneyo ndi wa magiya, si wa injini. Wakuba tamudziwa mtundu wake, kwatsala khomo lomwe akutulukira."

Pofufuza khomolo pankafunika paudala woyera, ndipo m'nyumba munalibe. Chimene chinalipo ndi ndowa ya ufa woyera wochokera kwathu ku Ntcheu, umene agogo aakazi anakaulandira okha pa basi ku Park Station. Ufa wa m'shopu za ku Joni ankati ndi utuchi, ndiye wakumudziwu ankaukhudza Lamulungu lokha. Atangonyamuka kupita ku mapemphero a amayi, agogo aamuna anandipatsira beseni, maso ali kumbali.

Tinauwaza tonse awiri kumbuyo konse kwa chiloda mpaka chinayera mbuu. Agogo anachiliza n'kuchiyendetsa uku ndi uku pa dzuwa la masana kuti chitenthe. Apa n'kuti agogo aakazi akulowa pageti, Baibulo lili kukhwapa.

"A Phiri! Ufa wanga umenewo? Mwayamba kudyetsa zitsulo?"

"Nabanda, dikirani pang'ono, mlandu tikamba."

"Tikamba chiyani? Munthu wamkulu ndi imvi zanu, kuphunzitsa mwana kuba!"

Agogo aamuna anazimitsa injini n'kundikodola. Pa ufa woyerawo panali kamzere kakuda, kowonda ngati ulusi. Sikanayambire pansi pamene pankadontha paja, ayi. Tinakatsata ndi chala, kukwera, kukhota kuseri kwa paipi, mpaka pamwamba pa kachivundikiro kena. Pambali pake panali kachibowo kopumira, katatsekeka gwa ndi matope a mchenga. Anandifotokozera kuti oyilo akatentha mpweya umasowa potulukira, ndiye umamukankha pa gasiketi, kachidutswa kotseka mpata pansi pa kachivundikiroko, yomwe inali itatha.

"Waona? Pamene pakudontha si pamene pabooka," anatero.

Anatokosa kachibowoko ndi waya, n'kudula gasiketi yatsopano pa chipepala cholimba ndi lumo la agogo aakazi, umene unali mlandu wachiwiri. Lachisanu bwana anabwera, anagwada yekha, n'kusolola katoni ili youma. Anangoti "Eish, madala," n'kumapita. Chiloda chija chinagwira ntchito mpaka ine nditamaliza sekondale, tikugonabe m'kanyumba komweko.

Agogo aakazi sanaukhululukire ufawo. Mlendo aliyense ankamva nkhaniyi asanalandire ndi tiyi yemwe, ndipo agogo aamuna ankangoseka atawerama. Koma agogo aamunawo atamwalira, tikulongedza katundu, ndinapeza botolo la jamu lodzaza ufa m'bokosi lawo la masipanala. Agogo aakazi anandilanda msangamsanga.

"Ndinkawaikira ndine chaka ndi chaka," anatero, "kuti asamandigwirire ndowa yanga."

Lero ndine nesi, za makina ndimadziwa zochepa. Komabe mwana akabwera akulira mwendo, ndimayamba ndamuyang'ana m'chiuno. Ndipo ufa ukafika ku Park Station, ndisanaphike ndi kamodzi komwe, ndimayamba ndadzaza botolo lija n'kukaliika m'galaja.