Mphutsi pa Mwendo wa Agogo

Ndinali sitandade sikisi, ku Hara, pamene a Msiska, aphunzitsi athu a Chingerezi, analemba mawu akuti "wriggle" pa bolodi. Anati ndi kuphiriphitha kwa kanthu kopanda miyendo, monga nyongolotsi ikadulidwa ndi khasu, ndipo Angerezi anawabwereka kalekale kumbali za ku Jeremani. Anatiimiritsa tonse kuti tidzipotokole. Kalasi inafa ndi kuseka. Ine ndinangogwedeza mapewa, poti sindinali mwana wa zoseka.

Makolo anga anali atamwalira, ndipo ndinkakhala ndi agogo awiriwiri. Mwezi umenewo anadzitema ndi khasu pamwamba pa chidendene, namangapo kansanza, nkupitiriza kuwokera mpunga m'matope. Za chipatala sankafuna kumva. Mbande sizidikira munthu, ankatero.

Fungo ndi limene linayamba. Linkatsala pamphasa ngakhale iwo atachoka. Kenako Loweruka masana, atakhala pakhonde, ndinaona kansanzako kakutukuka pang'onopang'ono, mwendo uli chete.

Nditamasula, zinali mphutsi. Zoyera, zonenepa, zikukwerana m'mafinya, zina zikulowetsa mitu m'nyama. Mawu a pa bolodi aja anandifikira, ndipo ndinathamangira kuseri kwa bafa kukasanza.

"Wezi!" anandiitana agogo. "Wamaliza?"

"Zikunyansa, agogo."

"Eya, zikunyansa. Ine maso sakufika kumeneko. Nyansidwa uku ukuchotsa, mwana wane."

Ndinatenga mtengo wa machesi ndi madzi ofunda a mchere. Iliyonse inkapindika pamtengopo, ndikaigwetsa nkhuku nkuithamangira. Malovu ankadzaza m'kamwa, ndinkalavula pambali nkubwereranso. Pansi pa zonsezo ndinaona nyama yakuda imene sinkatuluka magazi. Apo sindinadikire chilolezo chawo. Ndinakagogoda kwa a neba athu, ndipo anawakweza agogo panjinga kupita nawo kuchipatala, agogowo akutukwana njira yonse chifukwa cha mbande zawo.

Anesi anati tikanachedwa, mwendowo ukanadulidwa. Mbande zinapsa, koma agogo anawokeranso chaka chotsatira ndi miyendo yawo iwiri.

Mpaka lero mawu aja ndikawamva, ndimaona mphutsi zija, ndipo mpunga wophika wotayikira pansi sindiuyang'ana kawiri. Nseru sinathe. Chimene ndinachidziwa pakhonde paja nchakuti nseru imagwira m'mimba, manja imawasiya.