Ndowa Zoboola za Limana Lathu

Ndikakumbukira agogo Zuze, chimayamba kubwera ndi fungo la makala a pa mbaula ndi la mtovu wosungunuka, limene linkadutsa mumpanda wansungwi n'kutipeza m'nyumba mwathu ku Ndirande tisanasukusule n'komwe. Sanali agogo anga enieni. Anali aneba athu, mkulu wa ku Nsanje amene anabwera m'tauni ali mnyamata, n'kukalambira pa ntchito yokhoma mbaula ndi kumata ndowa pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali.

Nyundo yawo sinkalira m'mawa asanawerenge Baibulo. Ankawerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chakuda ndi makala chikutsata mzere, ndipo anthu a m'Baibulomo ankawayankha ngati akuwaona. "Iwe Farao, achule onsewa sunakhute? Kuuma mutu kotani kumeneku?" Ife ana tinkaseka mpaka kutsamwa phala, amayi n'kutiopseza ndi chipande kwinaku nawonso akubisa mano.

Kuuma mutu kumene ankadzudzula Faraoko, eni akewo anali nako kokwanira. Kwathu kunali limana, kagulu ka mabanja achikatolika a m'dera limodzi amene amakumana Lamulungu masana, lero kwa uyu, sabata yamawa kwa uje, kuwerenga Mawu ndi kupemphera. Agogo Zuze ndiwo ankawerenga kwa zaka zambiri, koma chifukwa chokangana ndi Farao ndi Yudasi pa vesi iliyonse, dzuwa linkalowa amayi asanatereke ndiwo. Tsiku lina a Mofati, wapampando wa limana, anapereka Baibulo kwa mtsikana wina kuti awerenge. Agogo sanadikire pemphero lotsekera. Anatola chipewa chawo.

"Ine ndi Mulungu timamvana tokha," anatero ali pakhomo. "Iyeyo safuna komiti."

Ku Misa ankapitabe, n'kukhala benchi yakumbuyo, koma ku limana phazi lawo silinapondekonso.

Ndili sitandade 5, m'mawa wina nyundo inalira popanda Farao. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinasuzumira pa mpanda ndipo ndinawaona atakhala pa chitsa chawo, Baibulo lili pa miyendo losatsegula, akulisisita chikuto.

"Agi, ndiwe?" anafunsa. "Kodi nkhungu imeneyi ichoka liti? Phiri silikuoneka."

Kunja kunali kutayera, phiri la Ndirande lili poonekera mpaka miyala yake. Ndinathamanga kukauza amayi, ndipo amayi atapita anapeza kuti maso a agogo achita ng'ala. Ntchito ankagwirabe, poti zala zawo zinkadziwa lata kuposa maso, koma zilembo zinali zitawathawa. Amayi anadzipereka kuti aziwawerengera m'mawa uliwonse.

"Amake Agi, takhuta," anathokoza m'Chisena chawo, "koma sindinafike popemphetsa Mawu ngati mchere."

Ndinamva chisoni kwambiri masiku amenewo. Munthu amene anatiuza kuti chichokereni ku Nsanje sanayambepo tsiku osawerenga, tsopano ankangokhoma mbaula mwakachetechete, osaseka, osatithamangitsa tikamagenda mapeyala awo. Ankafota tikuona.

Lamulungu lotsatira amayi anachedwa kubwera ku limana, ndipo atafika ankangomwetulira okha. Lolemba m'mawa ndinawapeza kuseri kwa bafa atagwira msomali ndi mwala, ndowa yathu yatsopano atayivundikira pansi. Khoo!

"Amayi, mukuboola ndowa yabwinobwino!"

"Tseka pakamwa, iwe. Nyamula, tiye."

Tinakafika kwa agogo amayi atavala nkhope yachisoni. "Agogo, taonani zinthu za masiku anozi, ndowa yadzulodzuloyi yayamba kudontha." Agogo anapapasa pansi pake, kenaka anakoleza mbaula. Apo amayi anatulutsa Baibulo lawo m'chitenje. "Pepani, lero ndadzuka mochedwa, sindinawerenge. Ndiwerengeretu pompano podikira, musandisamale."

Anayamba nkhani ya Yona, mokweza kuposa mmene munthu wodziwerengera yekha amachitira. Sanapite patali.

"Iwe Yona," anatero agogo, maso ali pa ndowa, "ukuthawa Mulungu pa bwato? Nanga nyanjayo ndi ya malume ako?"

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Amayi anandiponda phazi.

Kuyambira tsiku limenelo ziwiya za m'dera lathu zinagwidwa ndi mliri. Lachiwiri kunabwera beseni, Lachitatu poto, kenaka ndowa ina, ndipo mwini chiwiya aliyense anali atadzuka mochedwa osawerenga. Ndowa yathu yokha inabwerera kangapo, mpaka pansi pake panadzaza zigamba. Bambo anga anadandaula kuti m'nyumba muno tiyamba kutungira madzi m'manja, koma tsiku lawo litakwana anapita okha ndi chitini cha bafa. Mawu a agogo anabwerera. Ankakonza anthu akadumpha mzere, poti zambiri anali nazo pamtima, ndipo anthu amene kale ankathamangira ndiwo anayamba kuchedwa dala pansi pa mapeyala paja.

Otsiriza kubwera anali a Mofati, ndipo tonse tinali ndi mantha, poti awiriwa anali asanalankhulane chiyambire nkhani ija. Ndinali pa mpanda monga mwa masiku onse. A Mofati ankagwira ntchito ya mu ofesi, nyundo sankaidziwa, ndiye ketulo yawo anaiboola moipa: mabowo atatu, pansi ponse potifuka. Agogo anaitembenuza, anaipapasa, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anaphulika ndi phwete mpaka misozi.

"A Mofati, ketulo imeneyi inakulakwirani chiyani?"

"Dzimbiri, agogo," anayankha a Mofati mwamanyazi.

"Dzimbiri! Ine ndakalambira pa malata. Bowo la dzimbiri limanyenyeka m'mbali, la msomali limapindikira mkati. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe, pa ndowa ya amake Agi."

"Nanga bwanji simunanene?"

Agogo anapukuta maso ndi mkono wa malaya. "Ndikananena mukanasiya kubwera. Ndinali ndi njala, achimwene." Kenaka anawonjezera, "Ndinkati Mulungu safuna komiti. Koma maso atandithera, wanditumizira komiti yomweyo, ndi misomali. Lekani kuwononga ziwiya. Lamulungu likubwerali limana likumane pano, ndipo amene akufuna kutereka ndiwo aterekeretu."

Linakumanadi pomwepo, anthu atakhala pa ndowa zovundikira. Mtsikana uja ndiye anawerenga, agogo n'kumathirira ndemanga, a Mofati akuyang'ana wotchi koma osawadula mawu. Kuyambira pamenepo panalibenso zonamizira. M'mawa uliwonse wina ankadutsa n'kuwawerengera asanapite ku ntchito, ndipo Loweruka linali langa. Pamenepo m'pamene ndinaphunzirira kuwerenga Baibulo mosathamanga, ngati munthu amene akuyembekeza kuyankhidwa.

Agogo Zuze anatisiya ndili ku sekondale. Lero ndimakhala ku Machinjiri, ndipo m'mawa ndisanakwere minibasi ndimawerenga mokweza, ana anga n'kumandiseka ndikamakalipira Farao. Ndowa ya zigamba ija ndinaitenga kwa amayi, ili pakhonde, ndinadzalamo tsabola. Ndowa za masiku ano ndi zapulasitiki, ukaboola wataya. Komabe mnzathu wa m'limana akasowa masabata angapo, n'kumati akupemphera yekha kunyumba, sindikangana naye. Ndimaika Baibulo m'chikwama, n'kuyamba kuyang'ana m'nyumba mwanga kanthu koti ndiboole.