Milamba Yopita kwa Bwana ku Balaka

Ndinanyamuka ku Chiuta dzuwa lisanatuluke, mtima ukuwira. Uhedimasitala wa pasukulu yathu, pamodzi ndi nyumba yake yamalata, anali atapatsa a Matola, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kagwiridwe ka choko. Ndinati ndikaonane ndi bwana woyang'anira masukulu ku Balaka, andiuze chimene ndinalakwa. Mayi a kunyumba, amene amawamba nsomba zogulitsa, anandimangira milamba ndi mlaza.

"Kwa akulu sapita chimanjamanja," anatero.

"Ndikukadandaula, sindikukafunsira mbeta!" ndinakalipa, koma phukusilo ndinanyamula.

Pa Nayuchi ndinakwera sitima yapamtunda, matambala makumi anayi. Inkayenda monyinyirika, ikuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ine ndinkayeserera mawu anga, chala m'mwamba, mpaka mayi wina wogulitsa mpunga anasendera kutali.

"Achimwene, mukukangana ndi ndani?"

"Ndi chilungamo, mayi."

"Chepetsani mawu, chili ndi abale ake m'sitima muno."

Masana tinafika pa Liwonde. Anyamata a chipani anaona khadi langa la chipani, kenaka n'kununkhiza phukusi. Anasolola milamba iwiri, ati akafufuze ngati sinachokere ku Mozambiki. Ndinadya chinangwa chootcha n'kukwera lole ya thonje, ndipo fumbi la ku Balaka linandipaka mpaka m'makutu.

Mu ofesi ndinapeza bwana sali okha. Pambali panakhala tcheyamani wa chipani, baji ili ng'aning'ani pachifuwa. Ndinayamba bwino ndithu: zaka zanga pantchito, ana amene ndinakhozetsa mayeso.

"Ndiye mukuti boma lalakwitsa?" anafunsa tcheyamani mofatsa.

Masiku amenewo funso limeneli linkasowetsa anthu. Mawu onse a m'sitima aja anathawira m'mimba.

"Iyayi, bwana! Ndabwera kudzathokoza."

Ndinapereka phukusi ndi manja awiri. Bwana anayang'ana mfundo ya mlaza ija, nanunkhiza, nkhope n'kuwala.

"Aa! Kamangidwe aka ndikukadziwa. Ndi milamba yomwe ija a Matola akhala akutibweretsera mwezi ndi mwezi. Amati amagula kwa mkazi wa mphunzitsi mnzawo. Mukawathokoze mayiwo, dzanja lawo ndi labwino."

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinkalira. Chaka chonse ndinkayamikira a Matola kuti ndi kasitomala wokhulupirika, ndipo tsiku lina ndinawanyamulira ndekha phukusi mpaka pa siteshoni.

Ndinafika kunyumba mawa lake madzulo, mayi ali pa ng'anjo yowambira nsomba.

"Mwaubweretsa udindo?"

"Udindo unapita kale, unadzera pa ng'anjo yanuyi."

Anatembenuza mlamba osandiyang'ana. "Nanga inu zaka zonsezi munkangodya bwanji, osapititsako kwa bwana?"

Denga lathu laudzu linadonthabe chaka chimenecho.